Sushi ku Mangochi: ku loji, ku tawuni, kapena pa mbaula yanu?

Munthu amene anazolowera kudya sushi, chakudya cha ku Japan cha mpunga wothira viniga chimene nthawi zambiri chimakhala ndi nsomba yosaphika, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akasamukira kuno ku Mangochi amaona ngati wafika pake penipeni. Kumpoto kuli nyanja ya Malawi, kumwera kuli Malombe, pa boma pakudutsa Shire, ndipo m'mawa uliwonse pa madoko pamakhala chambo, usipa, utaka, mcheni ndi kampango zongovuulidwa kumene. Koma mukayamba kufunsa kumene mungadye chakudya cha ku Japan, mupeza kuti nkhani ndi ina. Malo odyera a pa boma amaphika zimene anthu a kuno amafuna: nsima kapena mpunga wa chambo chokazinga, tchipisi, nkhuku yalokolo, nyama ya mbuzi. Wofuna sushi ayenera kusankha pakati pa njira zingapo, ndipo njirazo zimasiyana pa mtengo, pa kukoma, makamaka pa zimene zingachitike m'mimba mwake pambuyo pake.

Tiyambe ndi imene imabwera msanga m'mutu, chifukwa ndikufuna tiichotseretu: kugula chambo cha lero lomwe, kuchisenda, n'kuika mnofu wosaphika pa mpunga. Chonde musatero. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi ana a njoka za m'mimba mu mnofu, ndipo kuvuulidwa kumene sikuthandiza kanthu, chifukwa tizilomboto timakhalamo nsombayo ikadali yamoyo. Mandimu satipha, viniga satipha, tsabola wa kambuzi kapena wasabi, chobiriwira chowawa ngati tsabola chimene amadyera sushi, naye satipha. Chimene chimatipha ndi moto wofika 63°C mkati mwa mnofu, kapena kuzizira koopsa kumene tikambe kutsogoloku. Palinso mabakiteriya. Mu 2015 ku Singapore, dziko la ukhondo wodziwika, anthu ambiri anadwala kwambiri atadya nsomba za m'madzi opanda mchere zosaphika, mpaka boma linaletsa kugulitsa chakudya chotere kumapeto kwa chaka chomwecho. Kuno tikuwonjezerapo madzi otsukira nsomba pa doko ndi pa msika. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, ndi mmene inavutitsira boma lathu lino.

Wina anena kuti m'mayiko ena amagulitsa sushi ya tilapia, yemwe ndi m'bale wake wa chambo. N'zoona, amaitcha izumidai. Koma imeneyo ndi nsomba yoweta, yosendedwa ndi kuziziritsidwa mpaka kuuma gwa ku fakitale komweko, osati ya pa benchi ya pa msika dzuwa likuswa mtengo. Ndipo Ajapani eni ake amasamala ndi nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere. Unagi, nsomba yaitali yooneka ngati njoka imene imapezeka pa menyu ya sushi pafupifupi paliponse, amaidya yootcha nthawi zonse. Ku nyanja ya Biwa, yaikulu kuposa zonse ku Japan ngakhale kuti yathuyi imaiposa kupitirira ka 40, sushi yawo yakale yotchedwa funazushi ndi nsomba imene imakhala mu mchere miyezi yambiri, kenako n'kukwiriridwa mu mpunga miyezi inanso mpaka itasasa.

Mfundo imene ikutsegula njira zina zonse ndi iyi: chimene chimapanga sushi ndi mpunga wothira viniga, shuga ndi mchere. Pamwamba pake kapena mkati mwake mungakhale nsomba yosaphika, yophika, dzira kapena nkhaka. Nsomba yosaphika yodyedwa payokha ndi sashimi, ndipo imeneyo ndiyo yovuta kuipeza yabwino m'dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu.

Malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja

Kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay, kudutsa cha ku Nkopola ndi ku Makokola mpaka ku Cape Maclear, kuli mahotela ndi maloji ambiri. Ubwino wa malo akuluakulu mwa amenewa ndi woti amakhala ndi ophika ophunzira ntchito, jenereta ya pamene magetsi azima, ndiponso galimoto zimene zimakatenga katundu ku tawuni. Ngati pali khitchini ku Mangochi imene ingakupangireni sushi, ili m'dera limeneli. Koma musangotulukira n'kumayembekeza kuiona pa menyu. Alendo ambiri amabwerera chambo, choncho khitchini siisunga nori, ndere zouma za m'nyanja yamchere zokulungira sushi, kapena mpunga wake wapadera popanda woitanitsa. Imbani foni masiku awiri kapena atatu nthawi isanakwane, ndipo pemphani kulankhula ndi wophika mwini wake, osati wa pa risepishoni yekha.

Mafunso ake ndi ochepa. "Pepani bambo, mwaipangapo sushi? Mpunga mugwiritsa ntchito wanji? Ngati muikamo nsomba yosaphika, ndi ya mtundu wanji, yachokera kuti, ndipo yafika liti?" Wophika wodziwa ntchito sakhumudwa ndi mafunso amenewa, amayankha mokondwa, mwinanso kukuuzani yekha kuti, "Bwana, salmon tilibe, koma ndikhoza kukupangirani ya chambo chootcha ndi peyala." Ameneyo mukhulupirireni. Amene angayankhe kuti nsomba ndi ya m'nyanja yathu yomweyi, yafika m'mawa uno ndipo aidula yosaphika, muthokozeni n'kuitanitsa china.

Kwa ine njira iyi ndi yabwino pa tsiku lapadera, mukakhala gulu loti khitchini ione phindu lake, ndipo mukagwirizana kuti zonse zikhale zophika. Mtengo wake ndi wa ku hotela, ndiye si ya sabata ndi sabata.

Ku Blantyre ndi ku Lilongwe

Ngati mtima wanu uli pa salmon kapena tuna yosaphika, palibe kuchitira mwina, dikirani ulendo wa ku tawuni. Blantyre ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, Lilongwe ili patali pang'ono kuposa apo. M'mizinda iwiriyi ndi mmene muli mahotela ndi malo odyera a zakudya za ku Asia amene amaika sushi pa menyu, chifukwa ndi kumene kumatera ndege ndi kufika malole a firiji. Nsomba iliyonse ya m'nyanja yamchere imene mungadye m'Malawi muno yayenda ulendo wautali. Salmon yambiri yogulitsidwa padziko imawetedwa ku Norway ndi ku Chile. Ngakhale ku Japan, sushi ya salmon si yakale: inafala kuyambira m'ma 1980, a ku Norway atalimbikira kuwagulitsa yawo yoweta, chifukwa salmon ya m'nyanja za ku Japan anthu ankaiopa tizilombo.

Posankha malo, musatengeke ndi nyali zofiira ndi zilembo za Chijapani pakhoma. Malo ambiri amaphatikiza za ku China, ku Thailand ndi ku Japan pa menyu imodzi, ndipo zimenezo pazokha si vuto. Chofunika ndi kuchuluka kwa anthu oitanitsa sushiyo. Kumene imayenda malonda, nsomba siigonera. Funsani tsiku limene katundu amafika, mupite tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Mbale ikabwera, yambani ndi mpunga. Usakhale wozizira ngati wochokera mu firiji, usakhale phala. Ugwirane mukaunyamula, umwazike mukauika m'kamwa, ndipo kawawasidwe ka viniga kamveke pang'ono chabe. Nori wa sushi yongokulungidwa kumene amathetheka mukamuluma. Akamatamuka movuta kudula ndi mano, ndiye kuti yakhalitsa. Mnofu wa nsomba uwale, usakhale wouma m'mbali kapena woterera, ndipo usanunkhe. Tuna ikamveka ngati ikuyabwa kapena kuwotcha lilime, isiyeni pomwepo: nsomba imeneyi ikafundirapo m'njira imapanga poizoni amene ngakhale moto samuchotsa. Ngati mungathe kuona pamene akudulira, yang'anani ngati thabwa ndi mpeni wa nsomba zili zosiyana ndi za nkhuku. Za wasabi musadandaule nazo. Wobiriwira amene amaperekedwa m'malo ambiri padziko lonse ndi muzu wina wowawa wotchedwa horseradish wosakaniza ndi mpiru ndi utoto, weniweni ndi wodula ngakhale ku Tokyo.

Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika asadye nsomba yosaphika ngakhale pamalo abwino chotani. Pa menyu yomweyo pamakhala kappamaki ya nkhaka, tamago ya dzira, ebi ya tinkhanu towiritsa ta m'nyanja yamchere totchedwa prawns, ndi California roll ya peyala ndi timitengo ta nsomba tophika kale.

Chinthu chimodzi chokha musachite: kugula bokosi la sushi ku Blantyre masana kuti mukadye ndi a kunyumba madzulo ku Mangochi. Maola anayi kapena kupitirira mu minibasi, ndi kutentha kwa ku Liwonde mu Okutobala, n'kokwanira kuwononga nsomba ndi mpunga womwe. Chenjezo lomweli likhudzanso sushi yoitanitsa pa WhatsApp kapena pa Facebook kwa munthu amene khitchini yake simunaione.

Nanga kugula nsomba ya mu firiza ku tawuni, kubwera nayo mu bokosi la ayisi, n'kudzadula nokha? Pa pepala zikuoneka zotheka. Malangizo a ku America amati nsomba yodyedwa yosaphika ikhale pa -20°C masiku 7, kapena pa -35°C maola 15, kuti tizilombo tife. Firiza ya pakhomo nthawi zambiri imafika -18°C ikakhala bwinobwino, ndiye muwonjezerepo kuzimazima kwa magetsi ndi ana otsegula chitseko pofuna madzi ozizira. Kuzizira sikuphanso mabakiteriya, kumangowagoneka. Nsomba za mu firiza za m'masitolo anazikonza kuti ziphikidwe. Njira iyi ndalama zake ndi zambiri, chiopsezo chakenso n'chachikulu, ndipo sindingailimbikitse kwa aliyense.

Pakhomo panu

Iyi ndiyo njira imene ndimaikonda, ndipo sindiiona ngati yongodzitonthoza nayo. Sushi ya timibulu ta mpunga tokhala ndi nsomba pamwamba, imene Hanaya Yohei anaitchukitsa m'ma 1820 mu mzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, inabadwa kulibe firiji. Ophika a nthawiyo ankawiritsa nkhanu, ankaphika nsomba zina mu msuzi, zina n'kuziviika mu soya sosi kapena mu viniga. Chophika chinali pakati penipeni pa luso lawo kuyambira pachiyambi.

Mukapita ku tawuni, gulani zinthu zosawonongeka msanga m'masitolo akuluakulu kapena a Achaina: soya sosi, paketi ya nori, viniga wa mpunga, ndi mpunga waufupi wonenepa umene amaulemba kuti ndi wa sushi. Zotsalazo zili pa msika wa pa boma: mapeyala, nkhaka, karoti, mazira, jinja, anyezi, ndi nsomba. Nori mukamutsegula musungeni m'botolo lotseka bwino, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno chimamufewetsa msanga.

Nkhani yaikulu ndi mpunga. Kilombero wathu ndi wonunkhira kuposa wa ku Japan, koma ndi wautali ndipo amayoyoka, pamene wa sushi umafunika kugwirana. Ngati ndi Kilombero amene muli naye, sankhani watsopano wa chaka chomwecho, ndipo wosweka pang'ono amagwirana bwino kuposa wosankhidwa wautaliutali. Mutsukeni mpaka madzi ayere, muviikeni theka la ola, muphikeni ndi madzi ochulukirapo pang'ono, popanda mafuta ndi mchere. Akapsa musavundukule poto kwa mphindi 10. Pa makapu awiri a mpunga wosaphika, sungunulani masupuni aakulu awiri a shuga ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu masupuni aakulu anayi a viniga. Ngati ndi viniga woyera wamba, yemwe ndi waukali, chepetsani n'kuthirako madzi pang'ono. Khuthulirani mpunga wotentha m'beseni lotakasuka, wazani vinigayo, ndipo muzidula ndi chipande cham'mbali, osati kutakasa ngati nsima. Mwana kapena mnzanu aime pambali akukupiza ndi lichero. Mudzaona nthunzi ikuchoka, mpungawo n'kuyamba kunyezimira. Ukafunda chabe, wakonzeka.

Chambo chisendeni mnofu wokha, chotsani minga yonse mofatsa ndi zala, wazani mchere, chiotcheni pa waya pa makala osalilima. Chikatsala pang'ono kupsa, pakani msuzi wa soya sosi, shuga kapena uchi, jinja wosinja ndi madzi pang'ono, umene mwauwiritsa mpaka wayamba kunanda. Pakani kawiri kapena katatu mukutembenuza, kufikira chitafiira ndi kuwala. Imeneyi ndiyo teriyaki. Kampango, poti ndi wamafuta ndipo alibe minga ing'onoing'ono yambiri, amafika pafupi kwambiri ndi kukoma kwa unagi mukamuotcha chonchi, ndipo kwa ine amaposa chambo pa ntchito imeneyi.

Kukulunga kumafuna kuzolowera, koma sikofunika tsiku loyamba. Tengani kontena ya pulasitiki ya makona anayi, yalani pepala la pulasitiki loyera, ikani nsomba yootcha pansi, mpunga pamwamba, tsinderani ndi kontena ina, tembenuzirani pa thabwa n'kudula ndi mpeni wonyowa. Ndi mmene amapangira oshizushi ya ku Osaka, ndipo mpunga wosagwirana kwenikweni umamvera bwino m'njira imeneyi. Chophweka koposa ndi chirashi: mpunga m'mbale, pamwamba n'kumwaza nsomba, peyala, nkhaka ndi dzira lokazinga mopyapyala lodulidwa ting'onoting'ono. Nori safunika n'komwe. Tsiku limene nsomba yadula, makamaka kumapeto kwa chaka nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane, tuna ya m'chitini yosakaniza ndi mayonezi imagwira ntchito. Ku Japan imeneyi ndi imodzi mwa ndiwo zokondedwa kwambiri mu onigiri, mibulu ya mpunga yonyamula pa ulendo.

Zamasamba zonse zodyedwa zosaphika zitsukeni ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo sushi idyedwe ikangopangidwa. M'miyezi yotentha, pamene kuno kumapitirira 35°C, isakhale pa tebulo kupitirira ola limodzi.

Koma chakudya cha ku Japan si sushi yokha, ndipo apa ndi pamene Mangochi ali ndi mwayi woposa Lilongwe. Ajapani amadya tinsomba ting'onoting'ono kwambiri. Niboshi wawo ndi tinsomba towiritsa kaye n'kuyanika padzuwa, ndendende mmene amayi a ku Malembo ndi ku Msaka amafutsira usipa asanauyale pa thandala. Amapangira msuzi wotchedwa dashi, umene ndi maziko a supu zawo zambiri. Yesani ndi usipa wofutsa wabwino, wowala, wosanunkha mafuta akale: dulani mitu, chotsani matumbo kuti msuzi usawawe, viikani m'madzi ozizira theka la ola, tenthetsani pang'onopang'ono mphindi 10 mukuyengula thovu, kenako sefani. Thirani soya sosi pang'ono, anyezi wamasamba ndi dzira lomenya, mwapeza supu yoyera yokoma modabwitsa. Usipa wotsalawo musataye. Uphikeni ndi soya sosi, shuga ndi jinja mpaka madzi aphwe, ukhale tsukudani, ndiwo yodyera mpunga imene imakhala masiku angapo mu firiji.

Usipa wauwisi wa m'mawa umakhala tempura yabwino zedi, mofanana ndi wakasagi, kansomba ka m'nyanja za ku Japan. Chinsinsi chake ndi madzi ozizira kwambiri: dzira limodzi, kapu ya madzi a mu firiji, kapu ya fulawa, kusakaniza pang'ono chabe ngakhale mibulu itsalemo, kuviikamo usipawo, n'kuukazinga wochepawochepa m'mafuta otentha bwino. Therere, biringanya, dzungu ndi mbatata zimalowa momwemo. Usipa wokazinga wotsala muuviike ukadali wotentha mu viniga, shuga, soya sosi, anyezi wodula mopyapyala, karoti ndi kambuzi mmodzi. Mawa lake kuchokera mu firiji amakoma kuposa lero. Chimenecho amati nanbanzuke. Ndipo chambo chathu chootcha ndi mchere wokha sichisiyana kwenikweni ndi shioyaki, imene Ajapani ambiri amadya pa kadzutsa.

Japan sali kutali ndi Mangochi monga timaganizira. Mlatho wa Bakili Muluzi umene timaolokera Shire unamangidwa ndi thandizo la dziko limenelo n'kutsegulidwa mu 2002, ndipo anyamata ndi atsikana odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena, akhala akubwera m'Malawi kuyambira 1971. Ngati pa sukulu, pa chipatala kapena pa ofesi ya kwanuko pali mmodzi, mufunseni mmene amaphikira za kwawo ndi zinthu za pa msika wathu. Mudzaphunzira zambiri pa poto mmodzi kuposa pa mavidiyo khumi a pa YouTube.

Pali nkhani ina imene kuno siingadumphidwe, poti ambiri mwa ife, kapena alendo amene tingawaitane pa mphasa, ndi Asilamu. Zakudya za ku Japan zimaoneka zosavuta chifukwa ndi nsomba ndi mpunga, koma mirin ndi sake, zimene zimathiridwa mu teriyaki, mu dzira la tamago ndipo nthawi zina mu mpunga wa sushi, zili ndi mowa. Soya sosi wofululidwa mwachikale amakhalanso ndi kamowa pang'ono kochokera pa kusasa, ngakhale alipo mabotolo okhala ndi chizindikiro cha halaal. Msuzi wotchedwa tonkotsu, umene amathira mu ramen (manudo a mu supu), ndi wa mafupa a nkhumba, tonkatsu ndi nkhumba yokazinga, ndipo gyoza, zonga timasamusa, nthawi zambiri amaikamo nkhumba yogaya. Ku lesitilanti ya ku tawuni muyenera kufunsa mbale iliyonse payokha, ndipo woperekera zakudya akakayikira, apite akafunse kukhitchini. Ku loji mukhoza kunena poitanitsa paja kuti asathiremo mirin. Pakhomo vutoli kulibe: m'malo mwa mirin ikani shuga kapena uchi ndi madzi pang'ono, werengani chizindikiro pa botolo la soya sosi musanagule, ndipo a Che Mwenye oyandikana nanu akhoza kudya nanu popanda kufunsa kawiri.